Tinyama ta m'dimba tikusowa pobisala chisanu

Funso: Akonzi, kuseri kwa nyumba yathu kuli kadimba komwe m'nyengo yotentha mumadzaza mbalame, agulugufe ndi achule, ndipo usiku mumabwera kanungu. Chisanu chikayamba mumangoti zii, moti chaka chatha ndinapeza timbalame tiwiri titafa m'mbali mwa mpanda. Ine ndimakonda ukhondo, choncho ndimasesa masamba onse n'kuwatentha, komanso ndimadula zomera zonse zouma. Kodi kuika chakudya panja kungathandize, kapena pali china chimene ndiyenera kuchita? *Mayi wina, wowerenga magazini ino*

Yankho: Mayi, tikuthokoza chifukwa cha mtima wanu wachifundo. Chakudya chimathandiza ndithu, koma tikupempheni kuti muyambe mwapumitsa tsache, chifukwa zimene maso athu amaziona ngati zinyalala ndi zomwe tinyama timeneti timafunda. Pansi pa mulu wa masamba pamakhala pofunda ndi pachinyontho, ndipo m'menemo mumabisala achule, nyongolotsi, akangaude ndi mphutsi za agulugufe. M'mapesi ouma obooka mkati mumagona ana a mitundu ina ya njuchi zimene sizikhala m'ming'oma, zomwe zidzatuluke kukafunda n'kumafalitsa mungu pa maluwa a zipatso zanu. Mukadula ndi kutentha zonsezi, mwawononga pogona pa tizilomboti komanso nkhokwe ya mbalame zimene zimadalira tizilombo ndi njere zotsalira pa zomera.

Sitikunena kuti bwalo lonse lisanduke tchire. Sesani pakhomo ndi m'njira monga mwa nthawi zonse, koma masambawo muwaunjike pakona ina yabata, pansi pa mpanda kapena pa zitsamba, muikepo nthambi ndi zikuni zingapo, kenako muwasiye osawagwedeza kufikira kunja kutafunda. Ngati pali mulu umene simungachitire mwina koma kuutentha, muusamutsire pamalo ena tsiku lomwelo musanayatse moto, popeza kanungu akaopsedwa sathawa, amangodzipinda n'kukhala pomwepo.

Za kanunguyu tinenepo zambiri, chifukwa ndi amene anthu okoma mtima amamulakwira kawirikawiri. Kumadera ozizira kwambiri iye amagona tulo tatikulu kwa miyezi ingapo. Kutentha kwa thupi lake kumatsika kuchoka pa madigiri pafupifupi 35 kufika pansi pa 10, mtima wake umene umagunda pafupifupi ka 190 pa mphindi umatsika kufika ka 20, ndipo amakhala ndi moyo chifukwa cha mafuta amene anasunga m'thupi. Kumudzutsa kumamuwonongetsa mafuta amenewa pachabe, choncho mukamupeza atadzipinda m'masamba, ali pozizira ngati wafa, mum'fundikenso mwakachetechete n'kuchokapo. Musam'patse mkaka wa ng'ombe, chifukwa m'mimba mwake simugaya shuga wa mumkaka ndipo amatsegula m'mimba. Madzi m'mbale yosaya ndi chakudya chanyama cha amphaka kapena agalu n'zokwanira. Kabowo ka masentimita 13 m'munsi mwa mpanda kamamupatsa njira yokafunira chakudya m'minda yoyandikana nanu.

Timbalame munapeza tija, n'kutheka kuti tinatha mphamvu usiku. Thupi la mbalame limatentha madigiri 40 kapena kuposerapo, ndipo kambalame kakang'ono kangathe kutaya gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake pa usiku umodzi wozizira, pongoyesetsa kudzifunditsa. N'chifukwa chake chakudya cha m'mamawa ndi cha chakumadzulo chili chofunika kuposa cha masana. Ikani njere zamafuta monga za mpendadzuwa, mtedza wosinja wopanda mchere ndi zipatso zobenthulabenthula, ndipo mupewe chilichonse chamchere kapena chochita nkhungu. Malo ake akhale okwera, oti mphaka sangazembere, koma oyandikana ndi chitsamba chothawirako. Mukayamba musalekeze panjira, chifukwa mbalame zikazolowera malo zimaulukirako ndi timphamvu tochepa timene zatsala nato. Ziwiyazo muzizitsuka sabata iliyonse, popeza mbalame zambiri zikamadyera pamodzi zimapatsirana matenda mosavuta.

Madzi anthu ambiri amawaiwala, pomwe mbalame zimafunika kumwa ndi kusamba ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa nthenga zoyera ndi zimene zimasunga bwino kutentha. Muzisintha madziwo m'mawa uliwonse, osathiramo mchere kapena mankhwala oletsa kuundana. Ngati muli ndi kadziwe ndipo pamwamba pake paundana, musaphwanye ndi mpini, chifukwa kugunda kumeneko kumavulaza nsomba ndi achule amene agona pansi pa madzi akupumira pakhungu. Khazikani poto wa madzi otentha pamwamba pake kuti asungunule kabowo.

Pomaliza, mankhwala ophera nkhono ndi tizilombo muwaike patali. Chule, kanungu ndi mbalame zimene mukuzisungazi ndi zomwe zidzakudyereni nkhono ndi mbozi mbewu zanu zikadzayamba kuphuka.