Ma GPS a m'ndege: musaode musanaone pomwe akakhale

Achimwene, mwafunsa kuti malonda a ma GPS onyamula m'manja a m'ndege zing'onozing'ono amayenda bwanji, mitengo yake ndi yotani, komanso ngati munthu wa kuno ku Mangochi angapezepo kanthu. Phindu lilipo, koma uyu si katundu wopikula n'kuyala m'shopu ngati mafoni. Ogula ake ndi owerengeka: oyendetsa ndege zahayala zobweretsa alendo kunyanja, ngati zomwe zimatera pa kabwalo ka ku Club Makokola, eni ndege zawozawo, ndi ophunzira kuwulutsa ndege. Wogula ayambe ndiye kuoda, apereke theka la ndalama, inu muzinyamuka ulendo wa ku Joni mukudziwa chimene mukukatenga. Mukagula mongoyerekeza, mpamba wanu ugona m'katoni mpaka chaka kutha.

Dzina lomwe mudzalimve kwambiri ndi Garmin. Ili ndi aera 660, ya sikirini ya mainchesi 5, yomwe inatuluka mu 2016, ndi aera 760, ya mainchesi 7, ya mu 2020. Mainchesiwo amayezedwa mopingasa kuchokera pa ngodya ina kufika pa inzake, ndiye kuti masentimita pafupifupi 13 ndi 18. Ku America yaing'onoyo imakhala cha m'ma 800 dollars, yaikuluyo pafupifupi kuwirikiza kawiri. M'mashopu a zandege a ku South Africa, omwe ambiri ali pa mabwalo a Lanseria, Rand ndi Wonderboom, mtengo umakwererapo, koma mumagula chinthu mukuchiona, ndipo chikavuta muli ndi pobwezera.

Musanalipire, yatsani makinawo m'shopu momwemo. Lembani FWCL, chizindikiro cha bwalo la Chileka, kenako FWKI cha bwalo la Kamuzu ku Lilongwe. Akapanda kutuluka, ndiye kuti mkatimo muli mapu a ku America, ndipo kuno alibe ntchito mpaka mutagula ena. Garmin imagawa mapu a zandege m'zigawo, ndipo Africa ili m'chigawo chotchedwa Atlantic. Amene amaitanitsa pa intaneti chifukwa chotchipa amagwa pamenepa. Mapuwa amasinthidwa masiku 28 aliwonse ndipo ndi olipira, choncho muuzeni wogula zimenezi asanatulutse ndalama. Muuzeninso kuti asataye ndalama pa tizipangizo tolandirira zanyengo ta SiriusXM, chifukwa timagwira ku America ndi ku Canada basi.

Tsopano pa kukula kwa sikirini, pomwe ogula ambiri amalakwitsa. Aliyense amafuna yaikulu, ndipo inu monga wamalonda mtima umakokera komweko chifukwa phindu lake ndi lochulukirapo. Dikirani kaye. Funsani mtundu wa ndege, ndipo ngati n'kotheka pitani pabwalo mukakhale pampando wa woyendetsa muli ndi katoni yodula molingana ndi makinawo. Mu Cessna 172 kapena 206 malo ndi ochepa. Ya mainchesi 7 ikamangidwa pa chiwongolero imabisa masiwichi ndi mawotchi a m'munsi, ndipo munthu wa thupi akakokera chiwongolero kwa iye imamugunda pamimba. Ya mainchesi 5 imakwana bwinobwino pakati pa nyanga za chiwongolero. Yaikulu ndi yoyenera kwa amene maso ayamba kufooka, amene akufuna kuwerenga mapepala osonyeza kateredwe ka ndege pa sikirini, kapena amene ali ndi malo pa panelo, bolodi la mawotchi ndi masiwichi lomwe lili kutsogolo kwa woyendetsa.

Zomangira zilipo zitatu, ndipo chilichonse chili ndi vuto lake.

Cha pa chiwongolero ndicho chimayenda malonda. Chikamangidwa, woyendetsa akokere chiwongolero mpaka pothera, akankhe mpaka pothera, apotoze kumanzere ndi kumanja, injini isanalizidwe. Pasakhale pogunda, ndipo waya asakoledwe pena paliponse. Wayayo amangidwe ndi tizingwe ta pulasitiki motsatira mtengo wa chiwongolero, osamusiya akulendewera pa mawondo.

Chomata pa galasi n'chotchipa, koma kuno chimakhumudwitsa. Dzuwa la Okotobala ku Mangochi limafewetsa labala wake, fumbi la pa mabwalo adothi limalowa m'mphepete, ndipo ndege ikakwera m'mwamba mphamvu ya mpweya wopanikiza labalayo pa galasi imachepa. Makina a ndalama zambiri amangoti phi! pansi, nthawi zina kumapazi kumene kuli mapedulo, ndipo zimenezo si zamasewera. Amene waumirira chimenechi apukute galasi nthawi zonse asanamate, ndipo amangirire makinawo ndi kachingwe kena kosungira. Asawasiyenso pamwamba pa panelo ndege itaima padzuwa: batire limatupa, sikirini imada.

Chachitatu ndi cholowetsa mu panelo, monga zomwe amapanga a AirGizmos. Ichi n'chaudongo, koma chimafuna kuboola panelo ndi kulumikiza ku magetsi a ndege, ntchito ya injiniya wa ndege wokhala ndi chiphaso. Inu bweretsani zipangizo zokha, osagwira waya wa ndege ya munthu.

Tinthu ting'onoting'ono ndi tomwe timabweza munthu ku Joni kachiwiri. Chotengera (chomwe makinawo amakhalamo pa chomangira) cha 660 sichilowa 760. Zomangira za kampani ya RAM zimayenda ndi kampira kolumikizira, ndipo ka inchi imodzi sikagwirizana ndi mkono wa kampira ka inchi ndi theka, ndiye gulani zonse pamodzi, muzilumikize muli m'shopu. Ndege zina magetsi ake ndi 14 volts, zina 28, choncho tengani waya wake weniweni wa Garmin. Machaja otchipa a pamsika amalowetsa phokoso mu wailesi, woyendetsa n'kumamva kusokosera m'makutu pamene akulankhula ndi a pabwalo. Makinawo akhalenso patali ndi kampasi ya ndege; njira yoyesera ndi kuwayatsa mukuyang'ana ngati kampasiyo yasuntha.

Pa mtengo wogulitsira, yambani ndi zomwe mwalipira m'shopu, muwonjezere mapu, chomangira, waya, gawo la thiransipoti, msonkho wa MRA pamodzi ndi VAT, ndi za ejenti ngati mwagwiritsa ntchito. Kenako muwerengere mtengo weniweni umene mwapezera rand kapena dollar, osati wolembedwa pa bolodi ku banki ngati simunaipeze kumeneko. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atalonjeza mtengo kale analipira kuchokera m'thumba. Choncho mtengo wa m'makwacha umene mwapereka muziuikira masiku ochepa, mulembe pa pepala, nonse musayine. Ku South Africa mtengo wa m'shopu umakhala ndi VAT ya 15 peresenti, ndipo mlendo akhoza kuitenganso pa bwalo la OR Tambo ngati ali ndi invoisi yoyenera komanso katundu ali m'manja kuti amuone. Mukaiwala zimenezi mwataya gawo lalikulu la phindu.

Pa boda musayembekezere kuchotseredwa msonkho kwa SADC, chifukwa makinawa sapangidwa ku South Africa, amangogulitsidwako. Invoisi ikhale ndi nambala ya makina yofanana ndi yomwe ili kumbuyo kwake. Kuchepetsa mtengo pa pepala n'kudzivutitsa nokha: ofisala amatsegula foni n'kuona mtengo wake, ndipo katundu amagwidwa inu mukulipira chindapusa. Boda yathu ya Chiponde ndi yapafupi, koma katundu wa ku Joni amalowera ku Mwanza ngati mwabwera pa basi kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, kapena ku Chileka ngati mwakwera ndege. Njira iliyonse, makinawo akhale m'chikwama cha m'manja. M'buti ya basi amaphwanyika kapena kusowa, ndipo pa ndege mabatire apadera a lithium saloledwa m'chikwama chopita pansi.

Ogwiritsidwapo kale ntchito, monga Garmin GPSMAP 296, 496 ndi 696, amapezeka motchipa ndipo ena amawakonda chifukwa cha mabatani, omwe savuta kudina ndege ikamagwedezeka masana otentha. Koma ndi akale, ndipo akafa kukonzetsa kwake n'kovuta. Tulukani nawo panja muone ngati akugwira masetilaiti, chotsani ku magetsi muone ngati batire likupirira, dinani batani lililonse.

Popereka katundu, kumanani pabwalo pomwe pali ndegeyo. Makina oti ayenda ulendo wautali amatenga mphindi zingapo kuti adziwe pomwe ali, ndiye musade nkhawa, aikeni poyera. Mangani limodzi, yesani chiwongolero, mupatseni invoisi yake chifukwa cha waranti. Ndipo nenani mosabisa kuti GPS ya m'manja ndi yothandizira woyendetsa amene akuona kunja, siyololedwa kudalira potera m'mitambo, ngakhale wogulayo akudziwa kale. Akakhutira, ndi pomwe mulandire theka lotsala lija.