Kwa namwino amene watopa ndi kuphunzitsa amayi kusikelo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa namwino amene wangomaliza maphunziro ndipo akugwira ntchito pachipatala chaching'ono chakumudzi. Akuti m'mawa uliwonse sikelo isanayambe amaimirira kutsogolo kwa amayi n'kuwaphunzitsa za ukhondo, katemera ndi kutsekula m'mimba. Amayiwo amavomera, mwina n'kuwomba m'manja, koma pakatha milungu iwiri ena mwa iwo amabweranso ndi ana ofookeratu ndi matenda omwe aja. Ndiye akufunsa kuti: kodi uku si kutungira madzi m'dengu? Kodi asangopempha kusamukira kuchipatala chachikulu, kumene akuti kuli unamwino weniweni?

Achemwali, zikomo polemba mosapita m'mbali. Kukhumudwa kwanu kwandikhudza, chifukwa kukusonyeza kuti mumawerenga nkhope za ana amene abweranso. Koma taganizirani za mayi amene wakhala pabenchi uja. Wayenda ulendo wautali, mwana akulira kumbuyo, ndipo maso ake ali pamzere kuti wina asamudutse. Mukafunsa kuti "Mwamva?" ayankha kuti "Eya", chifukwa ndi ulemu kutero kwa munthu wovala yunifomu. Kuvomera kumeneko sikukuuzani chilichonse za zimene adzachite pakati pa usiku mwana akayamba kutsekula.

Mu 1971, pa nkhondo imene inabala dziko la Bangladesh, kolera inabuka pakati pa anthu othawa kwawo ku Bangaon, m'dziko la India. Madiripi anatha. Dokotala wa ana, Dilip Mahalanabis, ndi anzake anasungunula mchere ndi shuga m'migolo ya madzi, n'kupatsa achibale a odwala makapu kuti azimwetsa anthu awo. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 aliwonse kufika pa ochepera 4. Chimene chimachitika n'chakuti shuga akamalowa m'matumbo amatenga mchere, madzi n'kumatsatira, ndipo njira imeneyi imagwirabe ntchito ngakhale munthu akutsekula kwambiri. Amenewa ndiwo madzi a ORS amene muli nawo m'kabati.

Komabe mankhwala kukhalapo sikunali kokwanira. Kuyambira mu 1980, bungwe lothandiza anthu lotchedwa BRAC linatumiza akazi kuyenda khomo ndi khomo m'midzi ya Bangladesh. Sankasonkhanitsa chigulu. Ankakhala pansi ndi mayi, iye n'kusakaniza yekha madziwo m'chiwiya chake chapakhomo, iwo akuyang'ana. Patapita milungu ingapo, oyendera ankafika kwa ena mwa amayiwo kudzawafunsa mafunso ndi kuwauza kuti asakanizenso, ndipo malipiro a wophunzitsa ankadalira zimene amayiwo akumbukira. Pomafika 1990 anali atafikira mabanja oposa 12 miliyoni. Mfundo ya malipiroyi imandigwira mtima kwambiri: ntchito inkayezedwa m'manja mwa mayi.

Ndiye mawa yesani izi. Mayi akabwera ndi mwana wotsekula, musangomupatsira paketi ya ORS pawindo. Mufunseni kuti kunyumba ali ndi chiwiya chanji chokwana lita imodzi. Mudzapeza kuti wina amathira paketi yonse m'kapu imodzi, madziwo n'kuchuluka mchere moti angawonjezere vuto. Wina amang'amba pakona n'kuthira pang'ono chabe, kusungira mawa, chifukwa chipatala chili kutali. Onsewa anamva phunziro lanu, ndipo onse amakonda ana awo. Mupatseni botolo, madzi aukhondo ndi paketi, asakanize yekha. Ammwetse mwanayo pomwepo ndi sipuni, pang'onopang'ono. Mwana akasanza, ndi mwayi wanu wophunzitsa: dikirani naye mphindi 10, ayambirenso modekha, aone ndi maso ake kuti kusanza si chifukwa chosiyira. Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akatsekula, wokulirapo 100 mpaka 200, koma muonetseni pakapu pomwe madziwo ayenera kulekeza, chifukwa manambalawo sadzawakumbukira. Otsala pakatha maola 24 atayidwe. Kuyamwitsa kusalekeke.

Mapiritsi a zinki ndiwo amasiyidwa panjira kawirikawiri. Kuyambira mu 2004, WHO ndi UNICEF amalangiza kuti mwana wotsekula amwe zinki masiku 10 mpaka 14, chifukwa amafupikitsa matendawo komanso amachepetsa kubwereranso kwake m'miyezi yotsatira. Mwana akayamba kusewera tsiku lachitatu, mayi amaona kuti wachira, mapiritsi n'kuiwalika. Mukamuuza chifukwa chomalizira, amamaliza.

Asanatuluke, musafunse kuti wamva. Nenani kuti, "Mayi, ndikufuna ndione ngati ndafotokoza bwino. Mukafika kunyumba, bambo a mwanayu kapena agogo ake akafunsa, mukawauza chiyani?" Mukatero mlandu mwausenza ndinu, iye sachita manyazi, ndipo pamene pasokonekera pamaonekera pomwepo. Funsoli limakuululiraninso amene ali ndi mawu pakhomopo. Nthawi zambiri amene mwamuphunzitsa si amene amagamula zobwerera kuchipatala usiku. Ngati gogoyo kapena bamboyo ali panja pamthunzi, muitaneni alowe.

Musamuunjikire zambiri. Zizindikiro zoti athamangire kuchipatala zikhale m'mutu mwake: mwana akulephera kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka, walefuka moti sakudzuka bwino, kapena chimbudzi chili ndi magazi. Zokhazo zikakhazikika, tsiku limenelo mwagwira ntchito.

Ndikudziwa kuti mundiuza za mzere, kuti muli nokha ndipo anthu adzaza khonde. N'zoona, ndipo kuchepa kwa anamwino si mlandu wanu. Simungachite zimenezi ndi aliyense. Sankhani amene abweranso kachiwiri, amayi achichepere a mwana woyamba, ndi ochokera kutali kwambiri. Phunziro la m'mawa lisathe, koma lifupike, likhale la mutu umodzi, ndipo mayi mmodzi aimirire kuonetsa anzake m'malo moti inu muzilankhula nokha. Komanso khalani pansi ndi alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi. Iwo amadziwa chitsime chimene chaipa ndi khomo lopanda chimbudzi. Ana atatu otsekula akachokera mudzi umodzi sabata imodzi, auzeni tsiku lomwelo, akaone madzi amene anthuwo akumwa. Msonkhano wa mayiko wokambirana za umoyo, umene unachitikira mumzinda wa Alma-Ata mu 1978, unaika maphunziro a zaumoyo poyamba penipeni pa zinthu zofunika pa chisamaliro choyambirira, pamodzi ndi madzi abwino ndi katemera.

Za kusamuka, sindingakuletseni. Kuchipatala chachikulu mukaphunzira zambiri, ndipo kufuna kukula pantchito si tchimo. Koma dziwani kuti ntchito yomweyi mukaipezanso muwodi. Wodwala shuga amene akutuluka ayenera kudzibaya insulin pamaso panu. Womudikirira munthu wofa ziwalo ayenera kumutembenuza inu mukuona, kuti zilonda zapamsana zisayambe. Mayi wochitidwa opaleshoni ayenera kudziwa maonekedwe a bala lomwe layamba kutukusira. Ine ndikanati mukhale kaye miyezi ingapo, muyese njirayi, muzilemba m'kabuku amayi amene asakaniza ORS pamaso panu ndi amene abweranso mwana atafooka. Mukadzaona zimene kabukuko kakuonetsa, mundilemberenso, ndipo za kalata yopempha kusamuka tidzakambirane pamenepo.