Madontho akuda pa Christmas cactus: musathamangire Dithane

Mayi wina wa ku Mangochi boma wandilembera pa imelo za duwa lake la Christmas cactus lomwe lili pawindo la pabalaza. Akuti chiyambire mvula, masamba agwidwa madontho akuda ndipo ena akungothothoka okha. Amalithirira tsiku lililonse poopa kutentha, madzulo amaliwazanso madzi pamasamba. Akufunsa kuti apopere mankhwala anji.

Mayi, za mankhwala tifikako, koma ndikuuzirenitu kuti chomwe chikupha duwa lanu si kusowa mankhwala. Maluwa amenewa amafa kwambiri chifukwa cha dzina lawo. Munthu akangomva kuti cactus amaganiza za chomera cha m'chipululu cholimba ngati nkhadze, n'kukaliika padzuwa la Okutobala m'mchenga wokhawokha. Wina akauzidwa kuti ayi, si la m'chipululu, amapyola muyezo n'kumalithirira ngati dimba la mpiru. Onsewa akulakwitsa.

Dzina lake lenileni ndi Schlumbergera, kwawo ndi kumapiri a m'mbali mwa nyanja kum'mwera chakum'mawa kwa Brazil, kudera la Rio de Janeiro ndi São Paulo. Kumeneko silimera pansi. Limamera panthambi za mitengo ndi m'ming'alu ya miyala, mumthunzi, momwe mwaunjikana tizinyalala ta masamba owola. Mvula imagwa yambiri, inde, koma madzi amangodutsa, mizu n'kutsala ikupuma mpweya. Limasangalala kukamatentha madigiri 18 mpaka 24. Tsono yerekezani ndi pabalaza pa nyumba ya malata ku Mangochi mu Novembala, pomwe kunja kumapitirira 35, mawindo otseka poopa udzudzu, mphika uli m'mbale yodzaza madzi. Mafangasi, tizilombo ta mtundu wa chuku toyambitsa matenda, safuna china kuposa pamenepo, kutentha, chinyontho ndi mpweya wosayenda.

Komanso zomwe timazitcha masambazo si masamba. Ndi tsinde lophwatalala lolumikizana mfundo ndi mfundo, ndipo limasunga madzi m'kati. N'chifukwa chake likalowedwa matenda limawola ngati phwetekere, siliuma ngati tsamba la mango.

Musanadule chilichonse, tulutsani duwalo pakhonde m'mawa, muligwire ndi chala ndiponso mulinunkhize. Madontho akuda sali amtundu umodzi. Ozungulira, olowa m'kati ngati mwadinda ndi chikhadabo, nthawi zina okhala ndi chuku chakuda pamwamba, amenewo ndi fangasi, ndipo amene amadziwika kwambiri pa duwali ndi Bipolaris cactivora, yemwe amachititsanso kuti mfundo zizithothoka. Ngati kuda kwayambira pansi pomwe tsinde lakumana ndi dothi, duwa lonse n'kulefuka ngakhale dothi lili lonyowa, vuto lili kumizu. Amenewo ndi matenda owoletsa mizu otchedwa Pythium, Phytophthora kapena Fusarium, ndipo madontho apamwambawo ndi uthenga chabe. Pakakhala ponyowa, poterera ndi ponunkha, ndi mabakiteriya, ndipo amathamanga, masiku ochepa nthambi yatha. Kufiira kapena kuderako mbali yokhayo yoyang'ana pawindo, pouma komanso polimba, ndi dzuwa lawaula. Kuda komwe kukuchoka mukapukuta ndi kansalu konyowa si matenda a m'kati. Ndi chuku chomera pa timadzi totsekemera ta kodikodi, wofanana ndi yemwe amagwira chinangwa. Fufuzani m'mfundomo, mupeza toyera ngati thonje, nyerere zikukwera n'kutsika.

Palinso vayirasi yofalitsidwa ndi tizilombo totchedwa thrips, yomwe imasiya mawanga achikasu ndi mizere yozungulira. Imeneyo ilibe mankhwala. Duwa lotere n'lotaya.

Malinga ndi zomwe mwafotokoza, lanu ndi la fangasi, ndipo mwina mizu yayamba kale kuwola. Kuwaza madzi madzulo kuja siyani lero lomwe. Malangizo owaza madzi amachokera kumaiko ozizira komwe m'nyumba mumauma chifukwa cha makina otenthetsera. Kuno kunyanja m'dzinja mpweya ndi wachinyontho kale, ndiye kadontho kogona patsinde usiku wonse ndi khomo lolowera matenda. Ndikanenanso mosabisa za mipoto yapulasitiki yokongola yopanda mabowo imene anthu amapatsana ngati mphatso: imeneyo ndi manda a maluwa. Kuika miyala pansi pa poto wopanda bowo sikuthandiza chilichonse, madzi amakhalabe momwemo. Mphika wadothi wa kumsika, mutauboola pansi mabowo atatu kapena anayi, umaposa yonseyo chifukwa umatulutsa chinyontho m'mbali ndipo mizu imazizirirako.

Ndipatuke pang'ono, popeza ambiri amadabwa kuti bwanji silichita maluwa pa Khrisimasi. Dzinalo anapatsa ndi a ku Ulaya ndi ku America, komwe Disembala ndi nyengo yozizira ya usiku wautali. Ku Brazil amalitcha Flor de Maio, duwa la Meyi, ndipo ifenso tili kum'mwera ngati iwo. Liyembekezereni kuyambira Meyi mpaka Julayi, mwera ukamawomba. Kuti litulutse mphukira za maluwa limafuna mdima wosadukiza wa maola 12 mpaka 14 usiku uliwonse kwa masabata pafupifupi 6. Babu la pabalaza loyaka mpaka 10 koloko limasokoneza zimenezi, moti duwali ndi limodzi mwa zinthu zochepa m'nyumba zomwe sizidandaula magetsi akazima. Kuyambira Epulo lisamutsireni kuchipinda chomwe simuyatsa usiku, ndipo mphukira zikaoneka musamalisunthesunthe, zimagwa. A ku Namwera kumtundako savutika kwambiri ngati a ku boma, chifukwa usiku kumazizira bwino.

Chochita tsopano

Lipatuleni kwa maluwa ena. Tengani lezala yatsopano, muipukute ndi sipiriti, mudule pamfundo, mutaye gawo lodwala pamodzi ndi limodzi looneka labwino pansi pake. Pukutaninso lezala musanadule pena, apo ayi mukhala inu wofalitsa matendawo. Zodulazo tenthani, musaponye pakompositi.

Kenako zulani duwalo mumphika. Mizu yamoyo imakhala yoyera ndi yolimba, yowola imakhala yabulauni ndipo khungu lake limavuka mukakoka. Dulani yowola yonse, mulisiye pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri kuti mabala aume. Dothi lakale tayani. Poto wakale ngati mukumufunabe, mviikeni mphindi 30 m'madzi a Jik, kapu imodzi ya Jik pa makapu 6 a madzi, mutsukuluze bwino. Dothi latsopano likhale magawo 2 a kompositi yowolerana bwino yosefa, gawo limodzi la mchenga wa miyalamiyala wotsuka, ndi gawo limodzi la zibenthu za njerwa zootcha zazikulu ngati mtedza. Mchenga wosalala wa m'mbali mwa nyanja umagwirana n'kutseka mpweya, dothi lamakande ndiye ayi ndithu. Phulusa musaike, duwali limakonda dothi la asidi pang'ono. Mphika ukhale wongokwana mizu, waukulu umasunga madzi osagwira ntchito.

Mukabzala dikirani masiku 4 kapena 5 musanathirire. Kuyambira pamenepo pisani chala m'dothi masentimita 2 mpaka 3. Ngati mwauma, thirirani m'mawa padothi penipeni mpaka madzi atuluke pansi, n'kutaya otsalira m'mbale. Ngati muli chinyezi, lisiyeni. Madzi amvula ndi abwino kuposa a pamjigo wamchere. Malo ake akhale owala koma osafika dzuwa lamasana, monga windo lakum'mawa lokhala ndi katani yopyapyala, pomwe mphepo imadutsa.

Mankhwala aja: mancozeb, yemwe alimi a tomato amamutcha Dithane, pafupifupi magalamu 2 pa lita imodzi ya madzi, koma tsatirani zolembedwa papaketi. Poperani panja, kutali ndi ana ndi ziwiya, mubwereze pakatha masiku 7 mpaka 10, kawiri kapena katatu basi. Amateteza mbali zomwe zili bwino, dontho lomwe lada kale silibwerera, ndipo kumizu yowola kapena kwa mabakiteriya sathandiza. Kodikodi muchotseni ndi kathonje konyika mu sipiriti.

Ngati mwapeza kuti tsinde lawola kuyambira pansi, musalimbane nalo. Thyolani nsonga zathanzi za mfundo 2 kapena 3 kutali ndi powola, ziume pamthunzi masiku 2 kapena 3, muzibzale sentimita imodzi kapena ziwiri m'dothi latsopano lija. Pakatha mwezi kapena kupitirirako pang'ono, kokani pang'onopang'ono. Zikakana kuzuka, zagwira.