Kamera sidziwa za mumtima

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati mwayamba kulemba ma scene aafupi a filimu (scene ndi kachigawo ka nkhani kochitikira pamalo amodzi, nthawi imodzi), koma anthu anu akangoyamba kulankhula saleka, scene imodzi imadya masamba 7, ndipo anzanu amene munawapatsa kuti ayesere anakuuzani kuti zikumveka ngati sewero la pa wailesi. Ndiye mukufunsa kuti muphunzire chiyani choyamba. Anzanuwo anakuuzani zoona, ndipo musakhumudwe nazo, chifukwa anakulozerani penipeni pamene pali nthenda.

Kamera imaona ndi kumva basi. Wolemba nkhani ya m'buku amatha kutilowetsa m'mutu mwa munthu n'kutiuza zomwe akuganiza. Pa wailesi mawu ndiwo amasenza zonse, chifukwa womvera saona kanthu. Koma mukalemba mu script, yomwe ndi nkhani ya filimu yolembedwa papepala, kuti "akukumbukira mavuto onse amene wadutsamo, mtima ukumuwawa", wojambula adzakufunsani kuti, nanga ine ndijambule chiyani? Olemba atsopano akazindikira zimenezi amathawira ku mawu. Popeza maganizo sangajambulike, amamukakamiza munthuyo kuti awatulutse pakamwa. Masamba 7 aja amachokera pamenepo.

Tiyeni tione ndi chitsanzo. Bambo wachotsedwa ntchito sabata yatha, koma sanauze mkazi wake. M'mawa uliwonse amavala bwinobwino n'kutuluka ngati akupita kuntchito. Njira yachidule ndi yowakhazika awiriwo pansi, bamboyo n'kuyamba kuti "Mkazi wanga, pali chinthu chomwe ndakhala ndikukubisira, ndili ndi manyazi kwambiri", mayiyo n'kuyankha kuti wakhumudwa chifukwa ankamukhulupirira. Zonse zanenedwa, woonera watsala opanda choti adzipezere yekha. Tsopano onani iyi (INT. akutanthauza kuti zikuchitikira mkati):

INT. CHIPINDA CHOGONA - M'MAWA

MKAZI akusita malaya oyera. Pambali pa simbi pali kalata yokhala ndi chidindo cha kampani. Mawu akuti "ntchito yanu yatha" akuoneka. Kuseri kwa chitseko kukumveka mapazi. Akuipinda kalatayo n'kuilowetsa m'thumba la malayawo.

MWAMUNA akulowa, wavala buluku ndi nsapato zopolisha.

MKAZI
Mubwera nthawi yanji lero?

MWAMUNA
Monga mwa masiku onse.

MKAZI
Abwana anu aja ali bwanji?

MWAMUNA
Ali bwino.

Mkazi akumupatsa malaya. Mwamuna akuvala, akumanga mabatani. Dzanja lake lakhudza thumba, muli pepala. Waima. Mkazi akuzimitsa simbi, osamuyang'ana. Mwamuna akuyang'ana chitseko, kenako akukhala pabedi.

Sinakwane n'komwe tsamba limodzi, ndipo palibe amene watchula manyazi kapena bodza. Koma taonani zomwe aliyense akufuna. Mkazi akufuna kuti mwamuna wake aulule yekha, osachita kumupanikiza. Mwamuna akufuna kutuluka pakhomo ulemu wake uli wathunthu. Zinthu ziwirizi sizingatheke limodzi, wina ayenera kugonja, ndipo kulimbana kumeneko ndiye scene yeniyeniyo. Funso lija lakuti "Abwana anu aja ali bwanji?" si la abwana ayi. Ndi mwayi womaliza umene mkazi akumupatsa kuti anene zoona, ndipo iye akuutaya. Musanalembe mzere woyamba wa scene iliyonse, dziwani kuti ndani akufuna chiyani kwa ndani, ndipo chikumutchinga n'chiyani. Mukalephera kuyankha zimenezi m'chiganizo chimodzi, anthu anu adzangocheza.

Onaninso kuti chinachake chasintha. Bamboyo analowa akufuna kutuluka, wathera pabedi. Ine scene imene imatha zinthu zili monga zinalili poyamba ndimaichotsa, ngakhale mawu ake atakoma chotani. Zimawawa, makamaka ngati ndi scene imene unaikonda poilemba, koma woonera amaimva kuti ikumudyera nthawi.

Sindikunena kuti mawu ndi oipa, chonde tisamvane molakwika. Pali mafilimu abwino kwambiri amene anthu ake amalankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kusiyana kwake n'koti iwo amalankhula pofuna kupeza kanthu: kunyengerera, kuopseza, kupempha, kubisa, kuyesa mnzawo. Salankhula pofuna kufotokozera woonera nkhani. Mukaona munthu wanu akuuza mnzake chinthu chomwe onse awiri akuchidziwa kale, monga m'bale kuuza m'bale wake chaka chimene bambo awo anamwalira, dziwani kuti sakulankhula ndi mnzakeyo, akulankhula ndi ife, ndipo timazindikira msanga.

Chinthu china chimene chimapatsa scene ija mphamvu n'choti ife tinaiona kalatayo mwamunayo asanalowe. Katswiri wopanga mafilimu Alfred Hitchcock, pocheza ndi wopanga mafilimu mnzake François Truffaut mu 1962, anapereka chitsanzo cha anthu awiri akucheza patebulo pomwe pansi pake pali bomba. Ngati owonera sakudziwa za bombalo, amadzidzimuka kwa masekondi 15 likaphulika, basi. Koma akaliona likuikidwa n'kudziwa nthawi yomwe liphulike, amakhala mtima uli m'mwamba kwa mphindi 15, ndipo macheza wamba aja amasanduka osapiririka. Ndiye muzidzifunsa nthawi zonse kuti ndani akudziwa chiyani, ndipo woonera adziwe liti. Olemba ambiri amabisa zinthu kuti adzadabwitse anthu kumapeto, pamene kuwaululira koyambirira kukanagwira mtima kwambiri.

Mwina mukuda nkhawa kuti popanda mawu owonera sadzamva chimene munthu wanu akumva. Cha m'ma 1920, Lev Kuleshov, wopanga mafilimu wa ku Russia, anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya katswiri wa zisudzo Ivan Mosjoukine, nkhope yosaonetsa kalikonse, n'kuchilumikiza ndi zithunzi zosiyanasiyana. Pamene chinatsatana ndi mbale ya supu, anthu anaona njala. Pamene chinatsatana ndi bokosi la maliro, anaona chisoni. Nkhope inali yomweyo. Woonera amalumikiza yekha zimene mwamuonetsa motsatizana, ndipo chimene wadzipezera yekha amachikhulupirira kuposa chimene wauzidwa. Muikireni kalata, thumba ndi nkhope, zotsalazo amaliza yekha.

Za kutalika, yesani izi pa scene yanu. Chotsani chiyambi chonse mpaka pamene vuto layambira: kugogoda, kulonjerana, kukhala pansi, zonsezo zipite. Chotsaninso mathero onse kuchokera pamene chinthu chasintha. Ifeyo sitinadikire kuti bambo uja apepese, tinachoka atangokhala pabedi, ndipo funso lakuti anena chiyani ndi limene limatikokera ku scene yotsatira.

Za kalembedwe sindichulukitsa, chifukwa zimaphunzirika tsiku limodzi. Script imalembedwa ndi zilembo za Courier, saizi 12, ndipo tsamba limodzi limakhala pafupifupi mphindi imodzi pa sikirini, n'chifukwa chake ya filimu yathunthu imakhala masamba 90 mpaka 120. Mutu wa scene umayamba ndi INT. ngati zikuchitikira mkati kapena EXT. ngati ndi panja, kenako malo, kenako usana kapena usiku. Zochitika zimalembedwa ngati zikuchitika tsopano lino. Final Draft ndi pulogalamu yogula imene akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito, koma Trelby ndi yaulere ndipo imakusanjirani zonsezi. Musadzaze script ndi malangizo a komwe kamera iime. Imeneyo ndi ntchito ya dayilekita ndi wojambula, ndipo mukalemba bwino kuti dzanja lakhudza thumba, iwo adziwa okha kuti kamera iyandikire.

Pophunzira, sankhani scene ya mphindi ziwiri kapena zitatu mu filimu imene mumaikonda, tsekani mawu, muionere kangapo. Muona kuti zambiri mukuzimva ndi maso okha: amene waima, amene wakhala, amene wayang'ana kumbali. Kenako ilembeni papepala monga script, zochitika ndi mawu omwe. Manja amaphunzira zinthu zimene kungowerenga sikungakuphunzitseni. Zanu mukalemba, anzanu aja aziwerenga mokweza inu mutakhala chete, osawathandiza, osawafotokozera. Pamene wowerenga wapunthwa lilime kapena wathamangira kuti adutse msanga, ikanipo chizindikiro, chifukwa mzere umenewo uli ndi vuto. Ngati muli ndi foni ya kamera, jambulani, ngakhale kuwala kukhale koipa. Mudzadabwa kuona kuti mzere umene munaukonda papepala ndi wosafunika, chifukwa wochita seweroyo anaunena kale ndi maso.

Sabata ino lembani tsamba limodzi lokha: anthu awiri, chipinda chimodzi, mmodzi akufuna chinthu chimene mnzake sakufuna kupereka, ndipo mawu asapitirire mizere inayi. Mukamaliza liikeni pagulu pano. Ndiliwerenga ndipo ndikuuzani moona pamene ndinaona chinthu ndi pamene munangondiuza.