Kusakaniza tinyumba ta Lemax ndi ta Department 56

Achemwali, mwafunsa ngati tinyumba ta Khrisimasi ta Lemax mungatiike pa shelefu imodzi ndi ta Department 56. Zimatheka ndithu koma zimatengera mtundu wake. Department 56 ndi kampani ya ku Minnesota ku America, inayamba ndi mtundu wotchedwa Snow Village mu 1976, tinyumba ta mtundu umenewu ndi tatikulu komanso tonyezimira moti mukatiika pamodzi, tianthu ta Lemax timangooneka ngati ana a sukulu ya mkaka. Ya Department 56 yomwe imagwirizana bwino ndi ta Lemax ndi Dickens' Village ya mu 1984, ija ya nyumba zakale za ku England, njerwa zofiira, machumuni ataliatali, timawindo ting'onoting'ono, ine ndiye ndimafera zimenezo osati za mashopu amakono zija ayi.

Pomwe muyenera kusamala ndi pa magetsi. Tomwe tagulidwa ku America mababu ake ndi a 120V pomwe kuno ku UK monganso kumudzi ndi 230V, mukangolumikiza basi babu lapsa nthawi yomweyo. Bola muchotse chingwe chakecho nkulowetsa timagetsi ta LED ta mabatire pa bowo la kumbuyo lija, komanso satentha ngati mababu akale aja ndiye thonje lomwe mwayala ngati sinowo silikuopsezani.

Poyala musandandike mzere umodzi. Tchalitchi ndi nyumba zosanja ziike kumbuyo pamwamba pa mabuku ophimba ndi nsalu yoyera, tating'ono kutsogolo. Makatoni ake musataye, mu Januwale mudzawafuna, machumuni aja sachedwa kuthyoka.