Tifunseni: Kuyala Mawu pa Tsamba

Makalata a mwezi uno achokera kwa anthu amene amataipa okha timabuku, mayeso ndi nyuzipepala zazing'ono, kenaka n'kupita nazo kosindikiza ku Limbe, ku Ginnery Corner kapena m'tauni. Tasankhapo asanu.

Funso: Akonzi, ndine mlembi wa kwaya ya mpingo wathu ku Chilomoni. Ndinataipa nyimbo zathu mu Word pa A4, ndipo ndinachepetsa mipata ya m'mphepete kuti nyimbo iliyonse ikwane tsamba limodzi. Timafuna kabuku ka A5 kopinda pakati. Katuluka ndi tizilembo ting'onoting'ono moti achikulire akulephera kuwerenga, ndipo mawu ena alowa mopindamo. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Alembi, vuto linayamba pomwe munataipa pa A4 chinthu choti chidzakhala cha A5. Pepala la A4 ndi 210 mm m'lifupi ndi 297 mm m'litali. A5 ndi theka lake, 148 mm ndi 210 mm. Osindikiza akafinya tsamba la A4 kuti likwane pa A5, chilichonse chimatsika kufika pa 71 peresenti. Zilembo za 12 pt (pt ndi poyinti, muyeso wa kukula kwa zilembo) zimasanduka za 8.5 pt. Ngati pa Margins munasankha Narrow, imene imasiya 12.7 mm mbali zonse, mwatsala ndi 9 mm yokha, ndipo ina mwa iyo yamezedwa ndi popinda.

Yambiraninso motere. Pa Layout, dinani Size n'kusankha A5. Ngati palibe, lembani nokha 14.8 cm ndi 21 cm. Kenaka pitani pa Margins, Custom Margins, ndipo pa Multiple pages sankhani Mirror margins. Mudzaona kuti Left ndi Right zasintha kukhala Inside ndi Outside, kutanthauza mbali ya kopinda ndi mbali ya kunja. Ikani 18 mm mkati, 14 mm kunja, 15 mm pamwamba ndi 20 mm pansi. Mawu adzakhala ndi malo a 116 mm m'lifupi. Zilembo zisachepere 11 pt, ndipo poti ndi kabuku kowerenga munthu ataimirira, m'tchalitchi momwe kuwala sikukhala kokwanira nthawi zonse, ife tingasankhe 12 pt.

Masamba adzachuluka, musadabwe. Chofunika n'choti chiwerengero chake chigawike ndi 4, chifukwa pepala limodzi la A4 likapindidwa limatulutsa masamba anayi. Akakwana 38, onjezani awiri akhale 40, omwe ndi mapepala 10. Pa pepala lakunja, tsamba 40 limagona pambali pa tsamba 1, kuseri kwake 2 ndi 39, lotsatira 38 ndi 3, mpaka pakati penipeni pa 20 ndi 21. Manambala a masamba awiri alionse ogundizana pa pepala limodzi akaphatikizidwa ayenera kukwana 41, ndipo imeneyi ndiyo njira yachangu yoonera ngati asanjidwa bwino. Koma inu musavutike kusanja pamanja. Sungani PDF ya masamba otsatizana kuyambira 1 mpaka 40, osindikiza asanje okha. Mukamapulinta nokha mu Acrobat Reader, sankhani Booklet, ndipo pulinta itembenuze pepala pa mbali yaifupi. Ikatembenuza pa mbali yaitali, masamba a kuseri amatuluka chadodolido.

Masamba a manambala monga 1, 3 ndi 5 amakhala kumanja nthawi zonse. Nyimbo yotenga masamba awiri muiyambitse kumanzere, pa tsamba 6 kapena 8, kuti oimba asamatembenuze pepala nyimbo ili pakamwa.

Pali chinanso chimene ambiri sachiyembekezera. Pepala la 80 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) ndi lochindikala pafupifupi 0.1 mm. Mapepala 10 akapindidwa pamodzi, am'kati amasuzumira kunja ndi pafupifupi 1 mm, ndipo odula akamalinganiza m'mphepete, masamba apakati ndiwo amadulidwa kwambiri. Pa kabuku kanu si zambiri, bola nambala ya tsamba isayandikire m'mphepete kuposa 8 mm. Kabuku kakafika masamba 64 kapena kuposa, funsani osindikiza ngati adzasunthire mawu am'kati cha kopinda.

Chikuto chikakhala ndi mtundu wofika m'mphepete, mtunduwo upitirire ndi 3 mm mbali zonse, zimene osindikiza amati bleed. Chikuto chotambasula ndi 296 mm ndi 210 mm, choncho fayilo ikhale 302 mm ndi 216 mm. Ziwiri zotere zimakwana pa pepala la SRA3, la 320 mm ndi 450 mm, koma pa A3 wamba sizikwana ziwiri. Popanda bleed, mpeni ukaphonya ndi theka la milimita, m'mphepete mumatsala kamzere koyera.

Funso: Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ku Bangwe. Ndikataipa mayeso, malikisi ndimawaika kumanja kwa funso lililonse mondondozana bwino. Tikakapulinta pa kompyuta ina, malikisi amabalalika, mafunso ena n'kudumphira tsamba lina.

Yankho: Aphunzitsi, mu Word dinani Ctrl, Shift ndi 8 pamodzi. Mukaona timadontho tambirimbiri pakati pa funso ndi malikisi, ndiye kuti mwakhala mukukankha mawu ndi spacebar. Kukula kwa mpata wa spacebar kumadalira font, kutanthauza mtundu wa zilembo. Kompyuta inayo ikakhala kuti ilibe font yanu, imaikapo ina, ndipo mipata 40 ija imatalika kapena kufupika. N'chimodzimodzi kukankhira funso pa tsamba lina podina Enter kambirimbiri.

Pa A4 ya mipata ya 2.54 cm mbali zonse, mawu amakhala ndi 15.92 cm m'lifupi. Tsegulani Paragraph, dinani Tabs, lembani 15.9 cm, sankhani Right, dinani Set. Mukatero, kudina Tab kamodzi kumafikitsa malikisi kumanja kwenikweni, pa funso lalitali ndi lalifupi lomwe. Pa mizere yoti ana alembepo mayankho, sankhaninso Leader ya madontho pa tab yomweyo. Tsamba latsopano liyambe ndi Ctrl ndi Enter.

Onaninso kukula kwa pepala. Makompyuta ambiri ogulidwa kunja amabwera atatcheredwa pa Letter, pepala la ku America la 216 mm ndi 279 mm, lomwe ndi lalikulu m'lifupi ndi 6 mm komanso lalifupi ndi 18 mm poyerekeza ndi A4 imene timagula kuno. Sinthani kukhala A4 ndipo dinani Set As Default. Kopulinta tengerani PDF, ndipo pa Page Sizing asankhe Actual size, osati Fit.

Funso: Ndimayala nyuzipepala ya bungwe lathu mu InDesign, kuno ku Zingwangwa, A4 ya makolamu atatu. Nkhani za Chingerezi zimaoneka bwino, koma za Chichewa zimakhala ndi mabowo akuluakulu pakati pa mawu. Ndikalola kompyuta kudula mawu, imadula pachilendo.

Yankho: Funso limeneli latikondweretsa, chifukwa likukhudza chilankhulo chathu chenichenicho. Mukachotsa 18 mm mbali iliyonse ya A4 mumatsala ndi 174 mm. Makolamu atatu olekana ndi 5 mm amakhala 54.7 mm iliyonse, momwe mumalowa zilembo pafupifupi 35 za 10 pt. Tsono taonani mawu akuti "sitinawafotokozerenso": zilembo 21, kuposa theka la mzere. Mawu otere akalephera kukwana amatsikira pansi onse, ndipo ngati mwalamula kuti mizere ithere pamodzi kumanja, mawu awiri kapena atatu otsalawo amatambasulidwa kuti adzaze malowo. Mabowo aja amachokera pamenepo.

Mankhwala oyamba ndi kukulitsa kolamu. Makolamu awiri olekana ndi 6 mm amakhala 84 mm iliyonse, zilembo zoposa 50 pa mzere. Ngati atatuwo simungawasiye, sankhani Align left, mizere izithera pomwe yathera. Chichewa cha m'kolamu yopapatiza chimawerengeka bwino chotero kusiyana ndi cholinganiza mokakamiza.

Za kudula mawu, kompyuta ikutsata malamulo a Chingerezi, n'chifukwa chake imatha kulekanitsa n ndi kh, kapena ng' ndi lembo lotsatira. Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu, a, e, i, o kapena u, ndipo podula ndi pamenepo: si-ti-na-wa-fo-to-ko-ze-re-nso, chi-nkho-swe, zi-ng'o-no-zi-ng'o-no. Magulu monga nkh, mph, nth, ntch, ng' ndi dz asang'ambidwe, ndipo lembo limodzi lisatsale lokha kumapeto kwa mzere, monga m wa "mtengo". Zimitsani Hyphenate pa ndime zonse za Chichewa, kenaka pa mizere yoipitsitsa yokha ikani kamzere kobisika podina Ctrl, Shift ndi kamzere kodulira mawu. Mu Word ndi Ctrl ndi kamzereko. Kamzere kameneka kamaoneka pokhapokha mawu akadukira pamenepo. Mukataipa kamzere wamba, tsiku lomwe mudzawonjezere chiganizo pamwamba mudzapeza "chi-nkhoswe" pakati pa mzere.

Kwa amene mumalemba ŵ, monga mu Malaŵi: si font iliyonse ili nalo. Word imabwereka lembolo ku font ina mwakachetechete, ndipo nthawi zina mzere umenewo umatalikirana ndi unzake. Yesani lembolo musanasankhe font. Mu Word lembani U+0175 n'kudina Alt ndi X. Musasiye U+ uja, chifukwa a wa "Mala" amawerengedwa ngati gawo la nambalayo.

Funso: Inenso ndi za makolamu. Mizere ya kolamu ya kumanzere siyang'anizana ndi ya kumanja, ndipo pansi sizithera pamodzi. Ndili ku Machinjiri, ndimagwiritsa ntchito Scribus.

Yankho: Zimachitika pamene mitu, zithunzi ndi mipata ya pakati pa ndime zili ndi miyeso yosagwirizana ndi kutalikirana kwa mizere. Sankhani nambala imodzi, tsamba lonse liyendere imeneyo. Tinene zilembo za 10.5 pt pa mizere yotalikirana 13 pt. Poyinti imodzi ndi 0.353 mm, choncho mizere 54 ndi 702 pt, kapena 247.7 mm. Pa A4 pamatsala 49.3 mm yogawa, 22 mm pamwamba ndi 27.3 mm pansi.

Mu Document Setup, pa Guides, ikani baseline grid, mizere yotsogolera imene mawu amakhalapo, pa 13 pt, ndipo sitayilo ya ndime ilamulidwe kutsata gridiyo. Mutu waung'ono utenge mizere iwiri yathunthu: 9 pt pamwamba, 13 pt ya mutuwo, 4 pt pansi, zonse 26 pt. Chithunzi ndi mawu ake ofotokozera zitengenso malo ogawika ndi 13. Ndime musazilekanitse ndi mpata wa 6 pt. Lowetsani mzere woyamba mkati ndi 4 mm.

Mu InDesign chenjerani ndi ichi: ndime ikakhala ndi mizere ya 13.2 pt pa gridi ya 13 pt, mzere uliwonse umaphonya malo ake n'kudumphira otsatira, ndipo mawu amatalikirana kawiri. Zimachitika kawirikawiri leading, kutalikirana kwa mizere, ikasiyidwa pa Auto, imene ndi 120 peresenti ya kukula kwa zilembo, moti 11 pt imapereka 13.2 pt. Lembani nambalayo nokha.

Funso: Ndine wophunzira ku Chichiri, ndikulemba lipoti langa lomaliza mu LaTeX. Akufuna mpata waukulu kumanzere chifukwa cha kumanga. Ndasintha \hoffset ndi \textwidth koma miyeso sikugwirizana ndi rula.

Yankho: TeX, pulogalamu imene LaTeX imayendera, imayamba kuwerenga pa inchi imodzi, 25.4 mm, kuchokera kumanzere ndi pamwamba pa pepala, kenaka n'kuwonjeza \hoffset ndi \oddsidemargin. Inchi yobisikayo ndiyo ikukusokonezani. Bwezerani zonse mwakale, mugwiritse ntchito phukusi la geometry, momwe mungolemba a4paper, left=35mm, right=25mm, top=25mm ndi bottom=25mm, kapena miyeso imene dipatimenti yanu yalamula. Mawu akuti a4paper musawaiwale, chifukwa mitundu ya zolemba ya article ndi report imayambira pa Letter. Mukamapulinta mbali zonse ziwiri, ikani twoside, ndipo m'malo mwa left ndi right lembani inner ndi outer. Onjezani showframe kuti malire ajambulidwe, pulintani tsamba limodzi pa Actual size, liyezeni ndi rula, kenaka chotsani showframe musanapulinte lipoti lonse.