Ryzen 5 3600 ikufika madigiri 88, za overclock dikirani kaye

Achimwene, mwafunsa ngati madigiri 88 ndi abwinobwino pa Ryzen 5 3600 yanu mukamasewera gemu, komanso mukuti mukufuna overclock (kuikweza liwiro kuposa limene inabwera nalo) pa bodi (motherboard) ya B450 ndi cooler yomwe inabwera m'bokosi. Kupsa siipsa ayi, AMD inaika malire a 95 pa purosesa imeneyi ndipo ikafika pamenepo imadzichepetsa yokha liwiro kuti izizire, zija amati throttling. Koma 88 pa gemu chabe ndiyokwera. Kompyuta ikangokhala osachita kanthu muziona 35 mpaka 50, pa gemu 60 mpaka 75 kapena 80, ndipo za ma 85 zija ziziwoneka mukaipanikiza dala ndi mapulogalamu oyesera ngati Cinebench kapena Prime95. Kutentha kukamadumphadumpha mukangotsegula Chrome musadandaule, ma Ryzen ndi momwe alili.

Ndiye musanalowe n'komwe mu BIOS (ma setting a bodi omwe mumalowamo kompyuta ikamayaka) tsegulani kesi muone. Ka cooler ka m'bokosi kaja, Wraith Stealth, ndi kakang'ono, kanapangidwa kuti kangokwanira basi, ndiye tangoganizani kali ndi fumbi lathuli, m'nyumba ya malata, mwezi wa Okutobala. Mpweya wolowa mu kesi ukatentha purosesa nayo imakwera pafupifupi madigiri omwewo, choncho manambala mukuona pa YouTube a munthu ali m'chipinda cha madigiri 21 ku UK musawayerekeze ndi anu, makamaka ngati muli ku Chikwawa kapena Salima. Chotsani cooler, ipemerereni ndi blower mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire, kenako muone thermal paste, mafuta aja amapakidwa pakati pa purosesa ndi cooler, nthawi zambiri mupeza inauma kalekale ngati nkhoko za mu poto. Pukutani ndi isopropyl alcohol, ikani kadontho kamodzi ka paste yatsopano pakati pa purosesa, mangani ma screw mopingasa pang'onopang'ono. Chinthu china, pa AM4 (soketi yomwe purosesa imeneyi imakhalapo pa bodi) paste ikauma purosesa imatha kuzuka limodzi ndi cooler n'kupinda mapini, ndiye musanachotse cooler yatsani kaye kompyuta itenthe pang'ono, muzimitse, muzipotoza cooler uku ndi uku pochotsa, osangokoka.

Za overclock zo ndinene chilungamo, pa 3600 phindu lake ndi lochepa zedi. Imayambira pa 3.6GHz ndipo imadzikweza yokha mpaka 4.2GHz ikakhala yozizira, inu mukavutika usiku wonse mwina mufika 4.2 kapena 4.3 pa ma core onse (timagawo togwira ntchito m'kati mwa purosesa), pa gemu simuona n'komwe kusiyana. Pomwe pali ma FPS (kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi mu gemu) aulere ndi pa RAM. Tsegulani Task Manager muone liwiro lake, anthu ambiri anagula DDR4 ya 3200 koma ikuyenda pa 2133 kapena 2400 chifukwa sanayatse XMP, setting ya mu BIOS yoyendetsa RAM pa liwiro lake lenileni, pa bodi za Asus amalemba DOCP. Ndipo ngati muli ndi stick imodzi onjezerani ina zikhale ziwiri, Ryzen imakonda zimenezo kwambiri.

Ngati mtima suvomera ndithu, gulani kaye tower cooler, yatsani PBO (setting ya AMD yolola purosesa kudzikweza yokha kwambiri), muone mmene zikuyendera pa HWiNFO64, pulogalamu yoonetsa kutentha ndi voltage. Mukafuna kuika nokha manambala muzikweza multiplier (nambala yomwe imasankha liwiro la purosesa) pang'onopang'ono, kuyesa ndi pulogalamu ya OCCT kapena Cinebench kwa theka la ola, kukweza kachiwiri, ndipo voltage yokhazikika ine sindipitirira 1.3V pa ma chip amenewa, kutsikirako ndi bwino. Chimapha purosesa mwakachetechete ndi voltage yokwera pamodzi ndi kutentha, siifa tsiku lomwelo, mumangoona patapita miyezi yayamba ma blue screen pa liwiro lomwe inkakwanitsa kale. Koma mukaona 1.4V ndi kanthu ikuthwanima pa setting za Auto musachite mantha, imeneyo ndi boost ya kanthawi kochepa pa ntchito zopepuka, zikusiyana ndi kuikakamiza 1.4V nthawi zonse.

Kompyuta ikakana kuyaka mwasintha zinthu, zimitsani pakhoma, chotsani kabatire ka CR2032 pa bodi kwa mphindi zingapo, BIOS ibwerera mwakale. Ndipo ndi magetsi athu othimathimawa musayerekeze kupanga update ya BIOS opanda UPS (batire losunga kompyuta yoyaka magetsi akathima).

Kwa ena mukufunsa m'ma comment za Dell OptiPlex ndi ma HP a muofesi aja, amenewo BIOS yake ndi yotseka, palibe overclock, ndipo pa Intel overclock imafuna purosesa yokhala ndi chilembo K m'dzina lake ndi bodi ya mtundu wa Z. Inu achimwene pukutani kaye, musinthe paste, mutitumizire screenshot ya HWiNFO64 mutasewera ola limodzi, munenenso power supply yanu ndi ya mtundu wanji.